Seva yakale ya mu labu ndi kompyuta ya patebulo: mmene ndinalakwira poyankha

Sabata yathayi aphunzitsi athu a phunziro la kapangidwe ka kompyuta anatifunsa funso lomwe ndinaliona ngati la ana. Pakona ya labu yathu pamakhala seva yakale, ikayatsidwa imalira ngati chigayo. Mkati mwake muli mapulosesa awiri a Intel Xeon E5-2670 omwe anatuluka mu 2012. Patebulo lina pali kompyuta wamba yokhala ndi AMD Ryzen 5 5600X, pulosesa ya mu November 2020. Iwo anangoti, "Tandiuzani, yothamanga ndi iti?"

Ndinakweza dzanja ndisanaganize n'komwe. Xeon imodzi ili ndi ma core 8 (tizigawo ta m'kati mwa pulosesa, kalikonse kogwira ntchito pakokha), ziwirizo pamodzi ndi 16. Ryzen ili ndi 6 basi. Ndinati seva, ndipo ndinanena mokweza kuti aliyense amve. Aphunzitsi sanatsutse, anangotiuza kuti tikaziyese tokha.

Tinayamba ndi kapulogalamu ka Python kamene tinalemba tokha, kowerengera manambala kamodzikamodzi pa core imodzi. Ryzen inamaliza seva isanafike ngakhale pakati. Anzanga anandiyang'ana, wina n'kundifunsa kuti, "Nanga achimwene, ma core 16 aja ali kuti?" Anali pomwepo, 15 atangokhala manja lende, imodzi yokha ikuvutika.

Chimene sindinkachimvetsa ndi ichi. Ndinkadziwa kuti Xeon imeneyi imayenda pa 2.6 GHz n'kukwera mpaka 3.3, pamene Ryzen imayambira pa 3.7 mpaka 4.6. Koma kusiyana kwa GHz kokha, komwe ndi liwiro la kugunda kwa wotchi ya pulosesa, sikukanafikitsa pamenepo. Pali chinthu china chotchedwa IPC, kutanthauza kuchuluka kwa malangizo amene pulosesa imamaliza pa kugunda kumodzi kwa wotchi yake. Anthu awiri angathe kugwetsa khasu pansi kofanana, koma wina khasu lake ndi lalikulu ndi lakuthwa, mzere wake umatha msanga. Xeon yathuyi ndi ya m'badwo wa Sandy Bridge, wopangidwa pa 32 nm, pamene Ryzen ndi ya Zen 3 yopangidwa ku kampani ya TSMC pa 7 nm (nambala yocheperapo ikusonyeza kapangidwe katsopano ka tizipangizo tating'ono kwambiri). Pazaka zisanu ndi zitatu zimenezo opanga anawongolera mmene pulosesa imaneneratu njira yomwe pulogalamu itenge, anakulitsa cache ya L3, malo osungira deta mwachangu m'kati mwa pulosesa (Ryzen ili ndi 32 MB, Xeon imodzi 20 MB), ndiponso anawonjezera malangizo atsopano. Mwachitsanzo AVX2 inabwera mu 2013 ndi m'badwo wa Haswell, ndiye seva yathuyi siidziwa n'komwe.

Kenako tinayesa ntchito yogawika: kusintha vidiyo ndi HandBrake ndi kupanikiza mafayilo ndi 7-Zip. Apa mtima unakhala pansi pang'ono, seva inadzuka ndithu ndipo ziwirizo zinayandikana. Koma taganizani, ma core 16 kulimbana ndi 6 n'kungotsala pang'ono kufanana! Sindinganene kuti ndinapambana.

Apa ndi pamene aphunzitsi analemba pabolodi lamulo la Gene Amdahl la mu 1967. Ine ndinalimva bwino nditaliyerekeza ndi kuphika pamaliro kapena paukwati. Kutunga madzi, kutola nkhuni, kusadzula ndiwo, mungagawane anthu makumi awiri. Koma mphika umodzi wa nsima umavundulidwa ndi mthiko umodzi, enawo amangodikira. Tinawerengera limodzi: ngati magawo 80 pa 100 a ntchito ndi ogawika, ma core 6 amaifulumizitsa katatu, ma core 16 kanayi, ndipo ngakhale mutaika ma core chikwi simudzapitirira kasanu. Ndinabwereza masamuwo kunyumba chifukwa sindinakhulupirire, ndipo anatuluka chimodzimodzi.

Palinso vuto la mapulosesa awiri m'bokosi limodzi, lotchedwa NUMA. Pulosesa iliyonse ili ndi RAM yakeyake, momwe imasungamo deta imene ikugwiritsa ntchito, ndipo ikafuna deta yomwe ili kwa inzake imayenera kuitanitsa kudzera pa QPI, njira yolumikiza mapulosesa awiriwo, zomwe zimadya nthawi. Mbali imeneyi ndiyenera kuiwerenganso mayeso asanafike.

Nkhani ya magetsi ndiyo inandikhudza ngati munthu wogula mayunitsi ndi ndalama za m'thumba. Xeon iliyonse TDP yake (muyeso wa kutentha kumene imatulutsa, wosonyezanso mwachiyerekezo magetsi amene imadya) ndi 115 W, ziwiri 230 W, osawerengera mafani aja. Ya Ryzen ndi 65 W. Ndinkalakalaka kugula seva yakale yotchipa yophunzirirapo kunyumba, koma magetsi akazima kainiveta kathu sikangaisenze, ndipo amayi sangalole phokoso limenelo usiku.

Komabe sindikufuna kuinyoza sevayi, chifukwa pa zimene inapangidwira ikadali ndi mphamvu. Imalandira RAM ya ECC yomwe imakonza yokha zolakwika zazing'ono, pulosesa iliyonse ili ndi njira zinayi zopitira ku RAM pamene Ryzen ili ndi ziwiri, ndipo RAM ingakwanemo yochuluka kuposa 128 GB yomwe ndi malire a Ryzen 5 5600X. Titayatsa makina ongoyerekeza ambiri nthawi imodzi pa Proxmox, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ongoyerekeza m'kati mwa kompyuta imodzi, kompyuta ya patebulo inathera RAM yomwe inalimo, seva ikupitirira osadandaula. Windows 11 siivomereza Xeon yakale chonchi, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, koma pa Linux palibe chovuta.

Lolemba tikaperekanso malipoti. Langa ndalilemba kale kawiri, ndipo chiganizo choyamba chimene ndinafufuta ndi chija chakuti seva ndi yothamanga chifukwa ili ndi ma core ambiri. Aphunzitsi ati ulendo wotsatira tiyesa database pa makina onse awiri, ndipo ulendo uno ndayamba ndawerenga kaye za cache ndisanakweze dzanja.