Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Kope la ngongole la ku Limbe

Gawo lapita ndinalekezera pomwe ntchito ya m'sitolo ya nsalu inatha, ine nditatuluka pa khomo ndi kaenivelopu m'manja, osadziwa kolowera. Lero ndinene za lesitilanti. Ndakhala ndikuizemba nkhaniyi chifukwa ikadandiwawabe.

Chipindacho anachipeza ndi mayi anga aang'ono. Iwo anaphika pa memo zaka zambiri ku Makata, kudyetsa anthu a m'mafakitale, ndiye nkhani ya mphika ankaidziwa kuposa Baibulo lawo. Chinali kuseri kwa masitolo, pa kanjira kotsikira ku msika wa Limbe, chitseko chachitsulo, windo limodzi. Pa khoma lakunja, ukayang'anitsitsa, pansi pa laimu pankaoneka mayina atatu. Loyamba linali la tiyirumu. Pamwamba pake wina analemba za tchipisi ndi nkhuku, n'kujambulapo tambala. Lachitatu linali la mayi wina amene anthu ankangoti anabwerera kwawo ku Mulanje. Atatu onsewo anatseka. Ine mtima unagunda, koma mayi aang'ono anati, "Iwe, chipinda sichipha bizinesi. Tiye tikhale pansi tione anthu."

Tinakhaladi pa khonde masiku awiri, kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 2. Iwo anali ndi nyemba m'chitenje, akaona munthu n'kuponya imodzi m'kapu. Sankawerenga aliyense wodutsa ayi. Ankawerenga okhawo oyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana uku ndi uku, dzanja lili m'thumba. Amenewo ndiwo anjala, ankatero. Ku Limbe masitolo ambiri amatseka nthawi ya nkhomaliro, antchito onse n'kukhuthukira mumsewu kamodzi, kuphatikizapo atelala a m'makhonde, onyamula katundu, makondakitala ndi anyamata oitanira minibasi. Kuyambira mu April kumabweranso alimi ndi madalaivala a malole odzagulitsa fodya ku okushoni. Tsiku lachiwiri kapu inadzadza, ndipo ine ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde kuti ndikwanitse lendi ya miyezi itatu imene mwini nyumba ankafuna.

Tinatsekula Lolemba lina mu April 2019. Panalibe riboni, panalibe nyimbo. Tinali ndi mbaula ziwiri, mapoto asanu, mabenchi atatu amene achimwene anakhoma ndi matabwa otsala, ndi ndowa ya kampopi yosambira m'manja. Ndinaphika nsima ya ufa woyera, nyemba, usipa, mpiru wotendera ndi nyama ya mbuzi. Munthu woyamba kulowa anali telala wachikulire wa pa khonde la sitolo yoyandikana nafe, wa kachipewa koyera. Sanafunse mtengo. Anavundukula poto ndi maso okha n'kunena kuti, "Mama, mbuziyi wazinga ndani?" Ine kakasi. Mayi aang'ono anayankha ali ku mbaula, kutchula butchala ya Msilamu komwe anakagula m'mawa. Bamboyo anakhala pansi. Ine zimenezi sindinaziganizireko n'komwe, koma ku Limbe ukalakwitsa pamenepa wataya theka la msewu, ndipo nkhumba isadzayerekeze kuponda m'khitchini mwako. Tsikulo tinagulitsa mbale 14. Nsima yotsala tinakadya kunyumba, mkute wake m'mawa.

Sitinachedwe kuphunzira kuti kalendala ya lesitilanti si ya pa khoma. Patangotha milungu yochepa Ramadan inayamba, kumayambiriro kwa May, ndipo mabenchi masana anapepuka. Mayi aang'ono anasintha msanga, madzulo tinkaphika futali wa chinangwa ndi nsinjiro, anthu n'kumagula kukamasulira. Kenako chisankho cha pa 21 May, kenako zionetsero zija zinatenga miyezi. Ukangomva kuti mawa kuli mademo, masitolo satsegula, ndipo masitolo akapanda kutsegula iwe uphikira ndani? Ndinaphunzira kumvera wailesi usiku ndisanaviike nyemba.

Tsopano kope.

Linayamba ndi mlonda wina wa usiku amene ankaweruka m'mawa n'kumazungulira m'tauni kudikira ganyu. Tsiku lina anadya, n'kuima pa khomo akukanda mutu. "Achemwali, mundilembe, pa 30 ndikonza." Ndinang'amba pepala pa kope la mwana wanga la sukulu. Mayi aang'ono anandikokera kuseri. "Mwana iwe, ngongole ya nsima ndi yovuta. Munthu wa ngongole ya njinga amaiona njingayo tsiku lililonse. Nsima ikafika mawa waiwala." Ndinamva, koma sindinamvere. Masiku amenewo malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K25,000 ndi kakusintha pa mwezi, ndipo ambiri mwa anthu anga ankalandira pomwepo. Pofika pa 15 m'thumba mulibe kanthu. Ukakana kulemba, amakadya chimanga chootcha kapena kungogona pansi pa mtengo mpaka belu la sitolo. Ndiye ndinagula kope lachikuto cholimba, munthu aliyense tsamba lake. Mayina enieni sindinkawadziwa ambiri. Ndinkalemba "wa jekete yofiira," "kondakitala wa Bangwe," "mlonda," "atelala." Pakutha pa mwezi ankabwera okha, ena kupereka zonse, ena theka, ine n'kudula mzere.

Pa msewu wathu malo odyera ankabadwa ndi kufa ngati bowa. Amene sindimuiwala ndi mnyamata wina wochokera ku Joni. Anatenga chipinda chachikulu cha kutsogolo, n'kuika magalasi, matailosi, TV yaikulu ndi mipando yofiira. Tsiku lotsegulira kunali DJ, mabaluni, atsikana ovala yunifolomu akugawa timapepala, zithunzi zili mbwee pa Facebook. Milungu iwiri ine ndinkangoingitsa ntchentche. Anthu anga onse anapita kukadya tchipisi akuonera mpira wa ku England. Ndinalira, kunena zoona. Mayi aang'ono ankangosonkhezera moto, amvekere, "Dikira pa 15." Pa 15 anayamba kubwerera mmodzimmodzi, mwamanyazi, chifukwa kwa mnyamata uja kunali chikwangwani chakuti ngongole mawa. Sanathe chaka. Lendi ya kutsogolo, jenereta ndi atsikana asanu sizingalipiridwe ndi anthu amene amalemera masiku anayi pa mwezi. Iye anaphikira Limbe wa m'mutu mwake, wa anthu a ku Namiwawa ndi Nyambadwe, pomwe amenewo akafuna kudya kunja amayatsa galimoto n'kupita ku Chichiri kapena m'tauni. Sindikumuseka ayi, nkhuku yake inali yokoma kuposa yanga.

Nanenso ndinachitapo zanga zopusa. Loweruka lina kunali masewero a Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndipo ndinati anthu onse aja sangalephere kudya. Tinachita hayala kapikapu, kunyamula mapoto a nsima, nyemba ndi nkhuku, mpaka beseni losambira m'manja. Amene akuthamangira pa geti angakhale pansi kusamba m'manja? Anthu ankagula kanyenya, mazira owiritsa, tchipisi cha pa chiwaya, zinthu zodya ukuyenda ndi kutukwana refu. Nsima yathu inadyedwa ndi anyamata olondera magalimoto, pa theka la mtengo. Ulendo wachiwiri ndinangotenga samusa, zitumbuwa ndi thobwa wozizira, zinatha mpira usanayambe.

Covid itafika mu April 2020 ndinaganiza kuti basi kwatha. Boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 April, mavenda analowa mumsewu kukana, khoti n'kuimitsa. M'bindikiro sunachitike, komabe anthu anachepa m'tauni, sukulu zinali zotseka, maukwati amene ndinayamba kuphikira anaima. Tiyirumu ya kumunsi kwathu inatseka, mayi wa mpunga wa pa kona anatseka. Ine chinandisunga ndi kope lija. Anthu a m'masamba mwake sakanapita kwina, ndipo ndinkadziwa kuti pa 30 kalowa kenakake. Atelala aja anayamba kusoka mamasiki a chitenje, makina osapuma, ndipo tsiku lina anabwera n'kufafaniza tsamba lawo lonse, n'kuwonjezera ndalama ya mwezi wathunthu. "Mundilembe mbali inayo tsopano," anatero, "inu ndinu a ngongole." Ndalama imeneyo ndi imene inalipira lendi ya June.

Mu 2021 zinthu zinayamba kuwala. Ndinamaliza ngongole ya banki m'khonde, ndinalemba mtsikana wothandiza, ndinagula firiji yakale kuti ndizigula nkhuku zambiri pa mtengo wopikulira. Ndinkayenda ngati bwana.

Kenako January 2022, namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Kuzima kwa magetsi kumene kunatsatira, amene munali ku Blantyre mukukumbukira. Nkhuku 20 zinandionongekera m'firiji ulendo umodzi, ndipo fungo lake ndimalimvabe ndikatsegula firiji ya munthu aliyense. Koma chowawa kwambiri chinali chigayo. Umapita ndi thumba la mphale m'mawa, kudikira magetsi mpaka usiku, mawa lake ulibe ufa, ukagule wa m'mapaketi wodula. Aliyense amene ankaphikira magetsi anatembenukira ku makala, thumba n'kukwera. Mafuta ophikira anakwera mpaka tinayamba kugula a m'timachubu. Mu May kwacha inagwa ndi 25 peresenti. Ine kukweza mbale ndinkaopa, chifukwa malipiro a anthu anga sanasunthe. Ndinachita zomwe aliyense wa lesitilanti amachita koma savomera: ndinachepetsa chipande. Mitanda inakhalabe iwiri koma yoonda, nthuli ya nyama n'kudulidwa pawiri. Kondakitala wa Bangwe ananyamula mtanda m'mwamba tsiku lina, akuuyang'ana ngati dokotala, amvekere, "Mama, mwanayu akudwala chiyani?" Anthu onse anaseka, ine ndinathawira ku mbaula.

Pa kope mizere yodula inayamba kuchepa. Munthu amene kale ankapereka zonse ankapereka theka, wa theka ankangobwera kudzapepesa. Chakumapeto kwa chaka kolera inakula, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. A zaumoyo ankabwera kudzaona ndowa yathu ya klorini ndi zikhadabo za mtsikana wanga, zomwe sindidandaula nazo, koma amene anali ndi kandalama, odya cash aja, anayamba kubwera ndi chakudya cha kunyumba m'makontena. Ndinatsala ndi a kope okhaokha.

Namondwe Freddy anabwera mu March. Mvula ya masiku aja, matope otsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, sindifuna kufotokoza zambiri. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno. Titatsegulanso, ndinkakhala ndi kope pa miyendo ndikuyang'ana pa khomo, kuwerenga amene abwera. Ambiri anabwera, ena atavala zovala zopatsidwa ku kampu. Ungamuuze za ngongole munthu amene denga lake lili mumtsinje? Mlonda uja, mwini tsamba loyamba, ankakhala cha ku Chilobwe. Sanabwerenso. Ndinafunsa kwa anzake, wina anati anapita kumudzi, wina anangogwedeza mutu. Dzina lake lenileni sindinalidziwe, moti ngakhale pa mndandanda wa omwalira sindikanamupeza. Tsamba lake lili ndi mbale 9.

Tinakwawa choncho mpaka November, pomwe kwacha inagwanso ndi 44 peresenti. Sabata yomweyo mwini nyumba anatumiza mwana wake ndi kakalata ka lendi yatsopano. Usiku umenewo ine ndi mayi aang'ono tinawonkhetsa kope lonse pa kandulo. Ndalama zimene anthu anali nazo kwa ine zinali zokwana lendi ya miyezi isanu, ndipo m'kabokosi munali zosakwana thumba limodzi la makala. Ndinkadikira kuti anene kuti ndinakuuza. Sananene. Anangotseka kopelo n'kundifunsa ngati nyemba zotsala zingakwane mawa.

Tsiku lomaliza tinaphika zonse zimene zinali m'nyumba, ndipo sindinalembe munthu. Atelala anadya mwakachetechete, n'kupempha kuti agule benchi imodzi, ati makasitomala awo azikhalapo. Firiji anatenga ndi a banki m'khonde, chifukwa ndinali nditatengakonso ngongole ina mu August osauza aliyense, ngakhale mayi aang'ono. Izi akuzimva lero ngati mwana wawo angawawerengere.

Mwezi wa February wotsatira ndinadutsako ndikupita kukakwera minibasi. Pa khoma panali laimu watsopano, dzina lachisanu, langa likuonekera pansi pake pang'ono. Mtsikana wina wamng'ono kwa ine anali akukolezera mbaula pa khomo. Atelala atamunong'oneza kuti ndine ndani, anandithamangira n'kugwira mkono. "Anti, akuti muli ndi buku la anthu a pano. Mungandibwereke ndione amene amabweza ndi amene sabweza?" Ndinamuuza kuti linanyowa ndi mvula. Lili m'sutikesi pansi pa bedi langa, louma bwinobwino. Chomwe ndinamuuza ndi butchala yokagula mbuzi, ndiponso kuti Lachisanu aziphika mochedwerapo, anthu amadya akatuluka ku mzikiti.

Minibasi imene ndinakwera tsiku limenelo inali ya ku Wenela, komwe ndinakafunsa mtengo wa basi ya ku Lilongwe. Za ulendo umenewo, ndi za mlamu wanga amene anandilonjeza ntchito yophika ku Area 47, tidzayambira pamenepo Lachiwiri.