Sampulo yofika yopanda nsenga

Ndimagwira ntchito mu labu yoyeza dioxin ndi furan, mankhwala apoizoni, m'madzi otayidwa a m'mafakitale. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo. Mabotolo anafika kuchokera ku mafakitale awiri a phala la mapepala kuno ku British Columbia, tinathiramo zizindikiro za kaboni-13 (mankhwala odziwika kuchuluka kwake, otisonyeza ngati china chatayika poyeza), kusefa, zotsala pa sefa kuziika pa Soxhlet (chida chagalasi chotulutsira mankhwala m'zinthu zolimba) ndi chosungunulira cha toluene usiku wonse, madziwo kuwachucha ndi chosungunulira china, dichloromethane. Kolamu (kapaipi kolekanitsa mankhwala m'makina oyezera) ya DB-225 tili nayo imodzi yokha, yokalamba, ndipo pempho la ina lagona pa tebulo la akuluakulu miyezi ingapo. Popanda iyo sungatsimikize 2,3,7,8-TCDF, mtundu wina wa furan, chifukwa pa kolamu ina ya DB-5 imatuluka pamodzi ndi anzake. Koma zimenezo tinazolowera.

Chimene chandikwiyitsa ndi cha Lachitatu. Botolo la lita imodzi la fakitale yachitatu linabwera bwinobwino: lagalasi lofiirira, chivindikiro cha Teflon, lozizira pansi pa madigiri 4. Nditasefa, sefa inatuluka yoyera mbee. Madzi otayidwa a fakitale ya kraft (yophika mitengo ndi mankhwala popanga phala), ngakhale atadutsa m'madamu oyeretsera, amasiya kautoto kofiirira ka ulusi wa mitengo ndi matope a tizilombo. Pepala lawo lomwe la TSS (muyeso wa nsenga za m'madzi) limasonyeza kuti tsiku limenelo madzi anali ndi nsenga zambiri. Nanga zinapita kuti?

Titaimba foni zinadziwika. Wotenga sampulo ndi watsopano, palibe anamuphunzitsa. Chigubu chosonkhanitsira madzi kwa maola 24 anachisiya chikhale, nsenga zinadikha, iye n'kutsanulira m'botolo madzi apamwamba okha kuti labu isavutike. Ine sindikumuda mnyamatayo. Koma dioxin ndi furan sizikonda madzi, zimakakamira pa tizidutswa. Watsanula zapamwamba, wataya chimene timafuna kuyeza.

Choopsa chake n'chakuti makina sangakuuze. Zizindikiro za kaboni-13 timathira muno mu labu, nsenga zitatayidwa kale, ndiye zinabwerera bwino, mkati mwa malire a 25 mpaka 164 peresenti amene njira yoyezera ya EPA 1613 imalola pa TCDD, mtundu wina wa dioxin. Resolushoni (mphamvu ya makina yosiyanitsa mankhwala) inali pa 10,000 monga zimafunikira, blanki (sampulo yopanda kanthu yoyerekezera) yoyera. Pepala lonse lokongola, koma lonama. Ngakhale OCDD, dioxin imene kawirikawiri imapezeka paliponse pali fumbi kapena matope, inali yosaoneka. Chimenecho chokha chinayenera kudzutsa munthu.

Ndipo sabata yake inali yolakwika kwambiri. Fakitaleyo inali itangosintha mankhwala ophera thovu, komanso makina awo opangira chlorine dioxide, mankhwala oyeretsera phala, anavutapo. Tonse tikudziwa kuti mankhwala a thovu amafuta amatha kubwera ndi dibenzodioxin ndi dibenzofuran, ndipo zikakumana ndi kolorini weniweni poyeretsa phala, pamabadwa TCDD ndi TCDF. N'chifukwa chake malamulo a Canada a 1992 anaika malire a 10 ppb (magawo 10 pa biliyoni) pa dibenzodioxin ndi 40 ppb pa dibenzofuran m'mankhwalawo, ndipo m'madzi otayidwa anati TCDD isapitirire mapikogalamu 15 pa lita (pikogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo thiriliyoni a galamu), TCDF 50. Malamulowo anabwera usodzi wa nkhanu ndi zina utatsekedwa chifukwa cha dioxin ku Howe Sound, chigawo cha nyanja kuno ku British Columbia, mu 1988. Ngati panali sabata yoti nambala ikwere, inali imeneyi.

Abwana anga anati katengedwe ka sampulo si nkhani yathu, ife tiyeze chimene chabwera, lipoti lituluke Lachisanu poti kasitomala walipira zachangu. Ndinakana kusaina popanda mawu oti sampuloyo sikuimira madzi a tsikulo. Tinakangana mpaka masana a Lachinayi. Pomaliza anavomera, koma mawuwo anawakankhira kutsamba lomaliza, m'zilembo zazing'ono.

Lachisanu ndinalembera fakitale katengedwe kake: chigubu chagalasi kapena chachitsulo chosachita dzimbiri, mapaipi a Teflon, kuvundula bwino asanatsanule, kuyeza kolorini wotsalira ndi kuthira mamiligalamu 80 a sodium thiosulfate, mankhwala othetsa kolorini, pa lita ngati alipo. Sampulo ina ifika Lolemba. Koma madzi a sabata yovuta ija anapita kale kunyanja, ndipo zotsala m'chigubu anatsuka.