Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Kuyimbira Ana a Kunyanja ku Lilongwe

M'gawo lapitalo ndinafotokoza m'mene ndinasiyira kusewera basketball bondo langa litayamba kuvuta, ndiponso m'mene mkulu wina amene ankayimbira masewero a m'chigawo chapakati anandikokera ku maphunziro a oyimbira. Lero ndifotokoza za mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse umene ndinaitanidwa kukayimbira ku Lilongwe, chifukwa ndi kumeneko kumene ndinakhazikitsa maganizo amene ndayenda nawo mpaka lero pa nkhani ya chifundo cha woyimbira.

Kuti nkhaniyi imveke, ndiyambe ndi m'mene tinkasewerera kuno ku Salima. Bwalo lathu linali la panja, la simenti yong'aluka, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala simentiyo inkatentha mwakuti tinkasewera m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. M'nyengo ya mwera, mphepo yochokera kunyanja inkapatutsa mpira uli m'mwamba, moti ana athu anazolowera kuponya ali pafupi ndi ring'i. Mzere wa mapointi atatu unali udakali pa mamita 6.25, pamene bungwe la FIBA, lomwe limakonza malamulo a masewerowa pa dziko lonse, linausunthira pa mamita 6.75 m'chaka cha 2010. Wotchi ya masekondi 24, yowerengera nthawi imene timu ili nayo kuti iponye ku ring'i, tinalibe, ndipo ndinkayimbira ndekha, kuwerenga masekondi mumtima, kwinaku ndikuyang'ana mapazi, manja ndi mizere yofufutika nthawi imodzi. Masukulu ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, anali m'mavuto ofanana ndi amenewa kapena oposa.

Ndinakwera minibasi pa Kamuzu Road ndi kudutsa msewu wa M14, yunifolomu ndi wezulo zili m'chikwama. Madzulo a tsiku lomwelo akuluakulu a oyimbira, omwe amagwira ntchito pansi pa bungwe la BASMAL, loyendetsa basketball m'dziko muno, anatisonkhanitsa ndi kutikumbutsa zofunika: masewero ndi a magawo anayi a mphindi 10, timu ili ndi masekondi 8 owolokera pakati pa bwalo ndi masekondi 24 oponyera ku ring'i, ndipo wosewera akachita mafaulo 5 amatuluka osabwereranso. Anatiuzanso kuti palibe amene adzayimbire timu ya boma lake. Chimene chinandisangalatsa koposa chinali tebulo. Panali wolemba zigoli ndi mafaulo, wosunga nthawi, ndi woyendetsa wotchi ya masekondi 24, ndipo m'bwalo tinali awiri, wina pansi pa ring'i, wina kumbuyo kwa osewera, tikumasinthana malo pakachitika faulo. Kwa munthu amene anazolowera kusenza zonsezi yekha, unali mpumulo waukulu, chifukwa maso anga anatsala ndi ntchito imodzi yokha.

Masewero amene ndikufuna kukhalapo nthawi anali a atsikana. Mbali ina kunali timu ya sukulu ina ya mumzinda, ana ozolowera bwalo la m'nyumba ndi nsapato zabwino, ndipo mbali inayo kunali timu ya sukulu ina ya ku Nkhotakota. Nditangowaona akutenthetsa thupi ndinazindikira kuti ambiri mwa ana a ku Nkhotakota anachokera ku ntchemberembaye. Zimenezi sizodabwitsa m'dziko la Malawi Queens, kumene pafupifupi mtsikana aliyense wa kupulayimale wagwirapo mpira wa manja, ndipo ntchemberembaye imawapatsa zinthu zabwino kwambiri: amapatsirana mwachangu, amawakha mpira molimba, ndipo saopa kulumpha. Koma imawapatsanso zizolowezi zimene basketball imalanga.

Mu ntchemberembaye woponya zigoli amakhala pafupi ndi ring'i nthawi yonse imene akufuna, pamene mu basketball wosewera wa timu imene ili ndi mpira sangakhale m'bokosi la pansi pa ring'i kupitirira masekondi atatu. Mu ntchemberembaye wotchinga amaima patali mamita 0.9 ndi amene ali ndi mpira, choncho anawa ankasiyira adani awo danga loponyera momasuka, ndipo akafuna kukonza zimenezo ankathamangira kukankha ndi manja. Vuto lalikulu linali pa kudunditsa mpira, chifukwa ku ntchemberembaye kulibe kuthamanga ukudunditsa. Mwana ankawakha mpira, kuima bwinobwino pa phazi limodzi, kenako kunyamula phazi lomwelo mpira usanachoke m'dzanja, ndipo lamulo limati kumeneko ndi kuyenda ndi mpira. Wina ankadunditsa, kugwira ndi manja awiri kuti aone mnzake, kenako kuyambiranso kudunditsa, zomwenso ndi zoletsedwa. Gawo loyamba lisanathe ndinali nditakweza dzanja ndi kuzunguza nkhonya kangapo, ndipo nthawi iliyonse mpira unkapita kwa ana a mumzinda.

Pa kupuma kwa gawo loyamba, mphunzitsi wa timu ya ku Nkhotakota, mayi wachikulire ndithu amene ana ake ankamulemekeza kwambiri, anandiyandikira ndili pafupi ndi tebulo. Sanakalipe. Anayankhula motsitsa mawu kuti: "Aphunzitsi, ndamva kuti ndinu a ku Salima. Ana awa ndi anu omwe, a kunyanja. Mukudziwa kumene aphunzirira mpira umenewu. Achitireniko chifundo pa zing'onozing'onozi, kuti asabwerere kwawo ndi manyazi."

Mawu amenewa anandilasa mtima, chifukwa anali oona mbali zonse. Ndinkalidziwa bwalo lawo ngakhale ndinali ndisanalipondepo, popeza linali ngati lathu. Ndinkadziwanso kuti ndalama ya ulendo wawo inachita kusonkhedwa. Ndinawayankha kuti: "Mayi, ndakumvani, ndipo chisoni chanu ndi changa. Koma wezulo uyu ndikamusintha chifukwa cha ana anu, ndiye kuti ndawanamiza. Ndiloleni ndiyankhule ndi kaputeni wanu masewero asanayambirenso."

Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti yankho limenelo linali loyenera. Alimi a thonje kwathu kuno amadziwa kuti sikelo imene imawerenga mosiyana malinga ndi amene wabweretsa katundu siithandiza ngakhale amene yamukondera lero, chifukwa mawa palibe amene adzaikhulupirire. Ndikanatseka maso pa mapazi a ana a ku Nkhotakota, ndikanalanda ana a mumzinda chimene anachivutikira pophunzira lamulo, ndipo iwonso ndi ana. Koposa apo, ndikanatumiza ana a kunyanja ku masewero otsatira akuganiza kuti akusewera bwino, kuti akakumane ndi woyimbira wina amene sakanawalekerera, mwinanso pa tsiku limene osankha timu ya dziko akuonerera. Mwana wa ku Nkhotakota ali ndi nzeru zokwanira kuphunzira lamulo la phazi m'masana amodzi, ndipo kumulekerera ndi kumuuza mwakachetechete kuti sangathe.

Komabe sindivomerezana ndi oyimbira amene amaganiza kuti ntchito yawo ndi kuliza wezulo basi. Pa masewero a ana, woyimbira ali ndi pakamwa, ndipo ayenera kupagwiritsa ntchito cholakwa chisanachitike, bola azichita chimodzimodzi ku matimu onse awiri. Ndinamuitana kaputeni, mtsikana wamtali wofatsa, ndipo ndinamuonetsa ndi mapazi anga kuti ukaima, phazi limene wasankha kuzungulirapo silichoka pansi mpaka mpira utachoka m'dzanja, ngati ukufuna kuyamba kudunditsa. Ndinamuuzanso kuti kuyambira m'chaka cha 2017 lamulo limalola amene wawakha mpira ali pa liwiro kuponda kawiri asanaponye kapena kupatsira, osawerengera phazi limene linali pansi pamene ankawakha, choncho asamaime mwadzidzidzi ngati ali ku ntchemberembaye pamene njira ya ku ring'i ili yotseguka. Anamvetsera, nati: "Zikomo aphunzitsi, ndikawauza anzanga." Ndinamuitananso kaputeni wa timu ya mumzinda ndi kumuchenjeza za anzake amene ankagwira malaya a adani awo. Masewero atayambiranso, ndikaona mwana wachedwa m'bokosi ndinkafuula kuti "Tulukani!" ndisanafike powerenga katatu, ndipo ndikaona dzanja likupita pa chiuno cha mnzake ndinkati "Manja!" Mnzanga woyimbira, bambo wa zaka zambiri pa ntchitoyi, anandiuza pa kupuma kwa pakati kuti: "Achimwene, pitirizani choncho, koma mawu anu amveke mofanana mbali zonse."

M'gawo lachinayi munachitika chinthu chimene chinaonetsa mbali ina ya nkhani yomweyi. Pa zigamulo zonse za basketball, chovuta kwambiri ndi pamene wothamanga ndi mpira wawombana ndi wotchinga, chifukwa woyimbira ayenera kudziwa amene anafika pamalopo poyamba. Lamulo limati ngati wotchinga wayang'anana ndi mdani wake, mapazi onse awiri ali pansi, ndipo kuwombanako kwachitikira pa chifuwa chake, wolakwa ndi amene ali ndi mpira. Chinsinsi chake ndi kuyang'ana wotchinga, osati mpira, ngakhale maso a munthu aliyense amakokeka ndi mpira. Wosewera wodalirika wa timu ya mumzinda analowa mwaliwiro, ndipo kaputeni wa ku Nkhotakota uja anali ataima kale, kunja kwa kachizungulire ka pansi pa ring'i, mapazi atadzala pansi monga anazolowera kwawo. Anagundidwa pa chifuwa nagwa chagada. Ndinakweza nkhonya, kenako ndinamenya nkhonyayo pa chikhatho, kusonyeza kuti faulo ndi ya wolowayo, ndipo inali faulo yake yachisanu.

Mphunzitsi wa timu ya mumzinda analumpha pa benchi, nalowa m'bwalo akufuula kuti ndikukondera anthu a kwathu. Ndinamupatsa mpata kuti abwerere, koma atapitiriza ndinamupatsa faulo ya khalidwe, imene chilango chake ndi kuponya kumodzi kwaulere kwa timu inayo. Sindinamuyankhe mawu aliwonse, chifukwa pepala la pa tebulo linali likuonetsa kale kuti ndi timu iti imene inalangidwa kwambiri tsikulo. Ndikanakhala kuti ndinamvera pempho la mayi aja m'gawo loyamba, chigamulo chimenechi sindikanachipereka ndi mtima wokhazikika, ndipo mwana amene anaima molondola uja akanalandira chigamulo chomukomera anthu akunena kuti wapatsidwa chifukwa cha ubale.

Ana a ku Nkhotakota anagonja, ndipo kusiyana kwa mapointi kunali kwakukulu ndithu, ngakhale kuti m'magawo awiri omaliza analakwitsa mapazi mwa apo ndi apo chabe. Ena analira, monga amachitira ana. Tsiku lotsatira ndinawaonerera ndili pa benchi ya oyimbira, akusewera ndi timu ya kumpoto, ndipo woponya zigoli wawo ankalowa ndi kutuluka m'bokosi popanda womukumbutsa.

Mpikisano utatha, mayi aja anandipeza ndikudikira galimoto, ndipo anandifunsa ngati ndingalole kupita ku sukulu yawo Loweruka lina kukaphunzitsa malamulo kwa ana ndi aphunzitsi anzawo. Ndinavomera, koma ndinapempha kuti tiyambe ndi kuyeza bwalo, chifukwa mwana sangaphunzire lamulo la masekondi atatu pa bwalo limene lilibe bokosi looneka. Tinagwirizana kuti iwo apeze penti, ine ndibwereke tepi yoyezera kwa mmisiri wina wa pa Kamuzu Road, ndipo tidzaone ngati malo awo angakwane mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi monga lamulo limafunira. Za ulendo wa pa M5 umenewo, ndi zimene tinapeza titatambasula tepiyo, ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.