Pampu ya makina ochotsa mchere m'madzi: ndinayamba ndi funso lolakwika

Pamene ndinaganiza zoika makina ochotsa mchere m'madzi m'boti langa, ndinayamba ndi kudzifunsa kuti ndikufuna malita angati pa ola, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti funso loyambira silinali limenelo. Ndikanayamba ndi kuwerengera magetsi amene botilo limapanga ndi kusunga pa tsiku, chifukwa kukula kwa pampu kumadalira mabatire ndi zimene zimawadzaza, osati ludzu la mwini boti.

Chimene chimavutitsa nkhaniyi ndi presha. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo kuti madzi abwino ayambe kudutsa pa nembanemba yosefa mchere, pamafunika presha yoposa mabar 27 (bar ndi muyeso wa presha). Pamenepo madzi amangodontha chabe, motero makina ambiri amagwira ntchito pa mabar 55 mpaka 60, omwe pa geji yolembedwa mu psi, muyeso wina wa presha, ndi pafupifupi 800. Komanso madzi amene pampu ikukankha satuluka onse ali abwino. Ochuluka amangodutsa pamwamba pa nembanemba kuti akokolole mchere wotsalira n'kubwerera m'nyanja, ndipo mukachepetsa madzi otsukawa pofuna kusunga magetsi, mchere umaunjikana ndipo nembanemba imafa msanga.

Masamu ake ndi ofupika, ndipo ndimalakalaka ndikanawachita ndisanagule chilichonse. Mukachulukitsa mabar ndi malita amene pampu ikukankha pa mphindi, kenako n'kugawa ndi 600, mumapeza makilowati ofunika. Nembanemba yodziwika ndi nambala 2540, yomwe ndi ya mainchesi 2.5 m'mimba mwake ndi mainchesi 40 m'litali, tinene kuti mukuipatsa malita 8 pa mphindi pa mabar 55. Zimenezo ndi makilowati 0.73, ndipo mukawonjezera mphamvu yotayika m'pampu ndi m'mota, mufika pa kilowati imodzi. Pa mabatire a mavoti 12, kilowati imodzi ndi maampu oposa 80, ndipo ngati magetsiwo akudutsa mu invata, chipangizo chosandutsa magetsi a batire (DC) kukhala onga a m'nyumba (AC), chiwerengerocho chimakweranso. Zonsezi kuti mupeze malita pafupifupi 60 pa ola. Nditalemba manambalawa papepala n'kuyang'ana mapanelo anga a sola, ndinaona kuti ola limodzi lopanga madzi likanadya pafupifupi zonse zimene dzuwa limandipatsa tsiku lamitambo, firiji ndi zida zoyendetsera boti zisanalandire kalikonse.

Cholakwa changa chachiwiri chinali pa pampu yeniyeniyo. Ndinanyengeka ndi pampu ya makina otsukira magalimoto, chifukwa imafikadi pa presha yofunika ndipo ndi ya mapistoni atatu monga mapampu enieni a ntchitoyi. Koma mutu wake unali wa brasi, ndipo madzi amchere amadya zinki wa m'brasi pang'onopang'ono mpaka chitsulocho chimafooka; mavalavu ake anayamba kumata patangotha miyezi yochepa. Pampu yoyenera imakhala ndi mutu wa chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 316 kapena cha duplex, kapenanso wa titanium, ndipo imazungulira pang'onopang'ono, zomwe zimachepetsa phokoso ndi kutha kwa ma seal, zotsekera zoletsa madzi kudontha. Phokosolo si nkhani yaing'ono, pakuti pampu yamapistoni yomangidwa pathabwa la m'boti imamveka mpaka kogona.

Njira zoyendetsera pampu yotereyi ndi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi msampha wake. Kuimangirira ku injini ya boti pogwiritsa ntchito lamba ndi kilachi yamagetsi kumapereka madzi ambiri osakhudza mabatire, koma liwiro la injini likasintha, presha imasinthanso, ndipo mumakakamizika kuliza injini ngakhale muli pa nangula. Injini ya dizilo siikonda kuyenda nthawi yaitali yopanda katundu wokwanira. Jenereta imathandiza, malinga mukumbukire kuti mota ya AC ikamayamba kulira imakoka maampu ochuluka kasanu kapena kuposa amene imakoka ikamayenda, kotero jenereta kapena invata yooneka yokwanira papepala imatha kuzima nthawi yomweyo. N'chifukwa chake pampu imalizidwa valavu ya presha ili yotsegula, kenako n'kumaitseka pang'onopang'ono. Njira yachitatu ndi mota ya DC yolumikizidwa ku mabatire, ndipo apa chovuta ndi mawaya. Pa mavoti 12, waya woonda kapena wautali amataya mavoti m'njira, mota imazungulira mofooka n'kutentha, ndipo munthu amayamba kukayikira nembanemba pamene vuto lili m'waya. Boti la mavoti 24 limakoka theka la maampuwo pa ntchito yomweyo.

Chimene chinasintha maganizo anga ndi mapampu obweza mphamvu, monga Clark pump imene imapezeka m'makina a kampani ya Spectra, ndi ina yofanana nayo ya m'makina a kampani ya Schenker. Madzi amchere amene akutuluka m'nembanemba amakhala akadali ndi presha yaikulu, ndipo m'makina wamba presha imeneyo imangotayika pa valavu. M'mapampu awa, madzi otulukawo amakankha kumbuyo kwa pistoni n'kuthandiza kupanikiza madzi atsopano, motero mota imangofunika kuyendetsa pampu yaing'ono ya mabar ochepa. Zotsatira zake n'zakuti lita imodzi imadya mawati 4 kapena 5 kwa ola, pamene m'chitsanzo changa chija inkadya oposa 16. Madzi amatuluka ochepa pa ola, makinawo ndi odula pogula, ndipo akawonongeka si aliyense angawakonze. Komabe kwa boti lodalira dzuwa ndi mabatire, sindiona kuti pali mpikisano. Amene ali ndi jenereta kale ndipo amailiza tsiku ndi tsiku, pampu yamapistoni yosavuta kukonza imamuyenera bwino.

Pali pampu ina imene anthu amaiiwala, yaing'ono yoperekera madzi ku pampu yaikulu. Madzi amayenera kudutsa m'sefa ya mamaikironi 20 ndi ina ya mamaikironi 5 (maikironi ndi muyeso wa timabowo ta sefa), ndipo masefa akayamba kutsekeka, pampu yamapistoni imasowa madzi n'kuyamba kugogoda, zomwe zimawononga mavalavu ndi mapistoni ake. Pampu yoperekerayi iikidwe pansi pa mzere wa madzi a kunja kwa boti, ndipo bowo lolowetsera madzi likhale pamalo amene sameza mpweya boti likapendekeka. Maampu ake nawonso alowe m'masamu aja.

Powerengera musaiwalenso kuzizira kwa nyanja. Malita olembedwa pa nembanemba amayezedwa m'madzi otentha madigiri 25 Celsius, ndipo madzi akazizira ndi digiri imodzi, zotuluka zimatsika ndi pafupifupi 3 peresenti, kotero m'madzi ozizira makina amayenda maola ambiri kuti adzaze thanki yomweyo. Ine ndinachotsa pampu yabrasi ija n'kuika makina obweza mphamvu okoka maampu osafika 10, ndipo ndimawaliza masana dzuwa likakhwima, pamene mavoti a mabatire ali pamwamba. Ndikamaliza ndimawatsuka ndi madzi abwino odutsa m'sefa yamakala yochotsa klorini, chifukwa klorini wa m'thanki amawononga nembanemba.