Zikomo, malo apezeka ku Zomba

Kalata ija yafika. Anditenga ku University of Malawi kukachita masitazi ya Biostatistics, maphunziro a kusanthula manambala a zaumoyo, ndipo sindinganyamuke osathokoza.

Ndiyambe ndi amayi anga ku Mkanda. Chaka chatha sukulu ina yakunja inandilonjeza kundilipirira fizi, kenako zii. Ndalama ya fomu inalowa m'madzi, ine ndinatha milungu iwiri osatuluka m'nyumba. Amayi sanachulutse zonena. Anatulutsa matumba anayi a mtedza, limodzi linali la mbewu, n'kukagulitsa pa Kamwendo. Pobwera anandipatsa ndalamazo zili zomanga pansonga ya chitenje, amvekere, "Lembanso, mwanawe." Amayi, thumba la mbewu lija ndidzabweza.

Malume, inu ndi amene munanditsegula maso posankha. Ine ndinkangotengeka ndi maina a sukulu komanso zithunzi za pa intaneti. Munandikhazika pakhonde n'kundifunsa kuti, kodi akayang'anire kafukufuku wako ndani, nanga ukagwira manambala a anthu akuti? Ndinasowa poyankha. Ndinakumbukira kalembera wa 2018, ndikuyenda khomo ndi khomo ndi tabuleti, agogo ena akundiyalira mphasa asanayankhe funso ndi limodzi lomwe. Tinapezeka kuti tilipo 17.5 miliyoni, koma zimene zinkachitikira manambala aja akachoka m'manja mwanga sindinkazidziwa. Likulu la National Statistical Office, amene amayendetsa kalembera ndi kafukufuku wa mmene mabanja akukhalira wotchedwa Integrated Household Survey, lili ku Zomba komweko. Ndikufuna ndikamvetse mmene amasankhira mabanja ochepa kuti aimire dziko lonse, komanso mmene munthu angadziwire ngati kusiyana kwa ana onyentchera pakati pa Mchinji ndi Kasungu n'kwenikweni kapena kwangochitika mwangozi. Kwa ine imeneyi si nkhani ya masamu chabe, chifukwa kumene manambala aloza n'kumene mankhwala ndi chimanga zimapita.

Achimwene a pa boma, munandibwereka laputopu miyezi isanu, n'kumandiphunzitsa R, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala, usiku magetsi akayaka. Munati ndiyambe ndi R poti ndi yaulere, pomwe inzake ya Stata imafuna laisensi yolipira. Mpaka lero ndikamatsegula pulogalamuyo ndimamva mawu anu akuti, "Yamba wayang'ana deta yako usanaiwerengetsere."

Amayi a Mvano amene munandipempherera, ndi anzanga amene munasonkha ya thiransipoti pa Airtel Money, Mulungu akubwezereni. Ndinyamuka Loweruka m'mamawa kudzera ku Lilongwe. Lachisanu madzulo ndili pakhomo ku Mkanda, bwerani tidzatsanzikane.