Ndalama ya union pa payslip yanga

Mwezi woyamba nditalowa ntchito ku fakitale kuno ku Joni ndinapeza pa payslip pali ndalama ina yadulidwa, pambali alemba kuti agency fee. Fomu ya union ine sindinasainepo ndiye mtima unandiwawa heavy, mawa lake ndinamutsata shop steward wathu, wotiimirira ku union, bambo wachikulire ndithu, nkumufunsa kuti bambo ndalama yangayi mwaitenga ndi chilolezo cha ndani.

Anandikhazika pansi nkundiuza kuti lamulo la ntchito la kuno, Labour Relations Act ya 1995, limalola zimenezi. Union yomwe ili ndi antchito ambiri pakampani ikagwirizana ndi mabwana, ngakhale amene sali membala amadulidwa, bola isapose yomwe mamembala amasonkha. Ndipo zoona zake malipiro atakwera chaka chimenecho anakwera kwa tonse, ine amene ndinkadandaula uja ndinalandira nawo. Apo ndinavomera, sungamadye nsima ya anzako tsiku ndi tsiku osasonkhako ufa. Pano ndine membala, ndinalowa ndekha.

Koma pomwe pakundivutabe mpaka lero ndi pa ndale. Lamulo lomwelo limaletsa agency fee kupita ku chipani kapena kwa munthu amene akuima pa chisankho, zabwino, koma ukalowa umembala nkhani imasintha. COSATU, bungwe lalikulu la ma union kuno, chiyambire 1985 siinabisepo mbali yake, ili mu mgwirizano ndi ANC ndi chipani cha makomyunisiti cha SACP, ndiye nthawi ya kampeni ukaona ma T-shirt ndi mabasi opita ku msonkhano umayamba kudzifunsa kuti kodi thukuta langa lija lilimo umu? Ine kuno sindivota nkomwe, ndine mlendo, ndalama yomweyo bwenzi nditawatumizira mayi ku Mangochi agule feteleza. Ndipo si ine ndekha, NUMSA yonse, union ya ogwira ntchito za zitsulo, inakana kuchitira kampeni ANC mu December 2013, chaka chotsatira COSATU nkuichotsa.

Komabe sindinganene kuti ma union asayandikire ndale, ndinganame. Chakufwa Chihana anali munthu wa ma union pomwe anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe mu April 1992, nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kutchula dzina la Kamuzu mokweza. Chiluba ku Zambia anachokera ku ZCTU, bungwe la ma union a kumeneko, nkugonjetsa Kaunda mu 1991. Mtengo wa ufa, misonkho, malipiro ochepetsetsa, zonsezi zimagamulidwa ndi andale, union ikakhala chete pamenepo ndiye ntchito yake nchiyani.

Chomwe ndikufuna ine nchoti ndalama ya zokambirana malipiro ndi maloya ikhale payokha, ya chipani payokhanso, ndipo yachiwiriyo andifunse kaye ndisaine ndi dzanja langa. Loweruka kuli msonkhano wa nthambi yathu, ndalemba kale funso langa papepala, ndikufuna atiwerengere momwe ndalama za chaka chatha zinayendera, randi iliyonse. Anzanga awiri a ku Mozambique ati akaimirira nane.