Tsiku limene bilimankhwe anandiyesa mbale

Musanandipatse dzina lina, imvani kwa mwini wake, chifukwa nkhani ikuyendayi yandipitirira msinkhu. Ena akuti ndinalumidwa ndi ng'ona, ena akuti ndinakomoka. Sindinakomoke ayi. Ndinangokhala pansi mofulumira.

Chivundikiro cha bokosi lachitatu chinali chong'aluka kale, ndipo ndinali nditanena kawiri. Mfundo imeneyi muisunge. Ku zoo kwathu tinasiya kuitanitsa tizilombo kutali, nkhululu timaweta tokha kuseri kwa khichini ya nyama: mabokosi apulasitiki, mathireyi akale a mazira oti zizibisalamo, kutentha kwa madigiri pafupifupi 30, ndi makoko a masamba amene kale tinkataya. Kukatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti zidyedwe, timazikhutitsa zakudya za kashiamu wambiri, kenako n'kuziwazanso ufa wa kashiamu, chifukwa buluzi wongodya nkhululu zopanda kanthu mafupa ake amafewa. Ntchito yanga ndi imeneyo, kudyetsa chakudya chakudya.

M'mawa umenewo ndikutsegula chitseko, ndinapeza pansi pakuyenda. Amati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma abale akewa anatha chipinda chonse usiku umodzi. Ndinagwada n'kuyamba kuzikokolola ndi manja, chigongono n'kugunda chitini cha kashiamu, ufa wonse n'kunditsanukira. Alendo anali atafika kale, akuluakulu amene amatithandiza ndi ndalama. Ndinadzikuntha kawiri, ndinakoka zipi ya ovolosi mpaka m'khosi, n'kukaima pamzere ngati munthu wopanda mlandu.

Abwana anali pakati pa mawu awo okondedwa. Ankanena za zoo ya ku Calgary, m'dziko la Canada, imene mu 2020 inabweza nyama zake ziwiri za panda ku China chifukwa ndege zobweretsa nsungwi zinasokonekera, pamene panda mmodzi amatha kudya makilogalamu oposa 30 patsiku. Anatchula nsomba zokhala ndi chizindikiro cha MSC chosonyeza kuti zinagwidwa mosawononga nsomba m'nyanja, nthambi za akadyamsonga zimene timalandira kwa odulira mitengo. Kenako anandiloza. "Ndipo chakudya china sichiyenda ngakhale kilomita imodzi. Achimwene awa ndi amene amatiwetera."

Pomwepo m'ovolosi munamveka tsirii, tsirii.

Nkhululu imene imalira ndi yamphongo yokha, imakhulitsa mapiko poitana yaikazi. Ndiye kuti pansi pa nkhwapa yanga panali mnyamata amene anaona kuti malowo ndi ofunda, amdima, oyenera kufunsirapo mbeta. Bambo wina anatulutsa foni kuona ngati ndi yake. Ine ndinatsokomola kuti ndiphimbe, wina n'kuyankha kuchokera cha kubondo. Awiri tsopano, akupikisana, ine ndili bwalo lawo.

Mnzanga wosamalira zokwawa anali ataima pafupi nane, bilimankhwe ali padzanja kuti alendo amuone. Diso limodzi la nyama ija linali kwa alendo. Linalo linayamba kutembenuka pang'onopang'ono ngati la mphunzitsi wamva phokoso kumbuyo kwa kalasi, linadutsa abwana, linadutsa khoma, n'kudzaima pakolala yanga. Ndinkamva timiyendo tikukwera pakhosi. Amene mumadziwa bilimankhwe mukudziwa kuti maso ake akamayang'ana kosiyana palibe vuto, koma onse awiri akakumana pamalo amodzi, mlandu watha. Diso lachiwiri linanyamuka. Abale, linatenga chaka. Ndinakumbukira ngongole zanga zonse, ndinakhululukira adani anga, diso likadali panjira. Anatsegula kukamwa pang'ono, nsonga ya lilime n'kusuzumira, akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo ngati akundiyeza suti. Ine njenjenje, koma osasuntha, poopa kuti ndikasuntha gulu lonse la m'kati lituluka pamaso pa eni ndalama.

Phwa! Lilime la bilimankhwe limatha kutalika kuwirikiza kawiri thupi lake, ndipo ine ndikuchitira umboni ndi khosi langali. Linali lonyowa, lomata, ndipo linanyamula nkhululu yoyera mbuu ndi kashiamu, yokonzedwa bwino kuposa ina iliyonse imene ndinaperekapo chiyambire ntchito. Apa m'pamene ndinakhala pansi paja. Kukuwa kumene mukunenako sikunali kukuwa, ndinkachenjeza anthu.

Alendo anaomba m'manja. Ankayesa ndi chionetsero chokonzeratu. Mayi wina anafunsa ngati timachita zimenezi tsiku lililonse, abwana n'kuyankha kuti zikadali zoyeserera, uku akundiyang'ana ndi maso onse awiri pamalo amodzi.

Tsono amene mukundiitana kuti Mbale ya Bilimankhwe, tandiuzeni, ndani mwa inu anaperekapo chakudya chopanda galimoto, chopanda firiji, chopanda pepala lokulungira? Ngakhale mbale yotsuka panalibe. Chivundikiro chatsopano chinabwera mawa lake lomwe, chimene ndinapempha kwa milungu itatu osachiona.

Zambiri tinazigwira. Imodzi ikadali kuseri kwa firiji ya nsomba, imalira madzulo alionse cha m'ma 5 koloko. Yaikazi sinabwerebe.